Ndinkaopa Kuti Mwana Wanga Adzayankhula

1

Mayi aliyense amene mwana wake wasiya kuyankhula amagwada n'kupempha Mulungu kuti amutsegule pakamwa. Inenso ndinkagwada. Koma ndikuuzeni chilungamo, awerengi anzanga: ndinkapemphera ndi theka la mtima. Theka linalo linkanjenjemera, kuopa zimene mwanayo adzanene akadzayamba kuyankhula.

Dzina langa ndine Lefina. Kwathu ndi ku Chisemphere, koma ndinatengedwa chitengwa kupita kwa Kaomba, kumudzi kwa amuna anga a Wyson, mlimi wa fodya amene chigafa chake ankachisamala kuposa nyumba yogona. Denga la nyumba likadontha ankati tidzaona mawa, koma la chigafa likadontha ankakwera pomwepo ngakhale mvula ikugwa. Tinali ndi mwana mmodzi yekha, Feliya, wa zaka zisanu, kamtsikana kolongolola ngati wailesi ya mabatire atsopano.

Pakhomo pomwepo, m'kanyumba kakumbali, munkakhala alamu anga a Feggie, mlongo wawo wa a Wyson. Anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, osakwatiwa, olimbikira padimba lawo la tomato ndi mpiru. Feliya ankawakonda mwina kuposa ine mayi ake. Azakhali akamapita kudimba, iye ali pambuyo. Azakhali akangokhala pansi, iye ali kale pamiyendo.

Chaka chimenecho alamu anga mwayi unali utawagwera. A Benjamin, mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale ya kwa Kaomba komweko, amene akazi awo anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo, anatumiza mawu ofunsira kwa amalume a alamu angawo. Anagwirizana kuti chinkhoswe chidzachitike fodya akadzagulitsidwa. A Feggie anayamba kuyenda ngati saponda pansi, ndipo ine sindinkawasiya.

"Alamu, masiku ano mukudzola mafuta popita kudimba? Tomatoyo wayamba kufunsira?"

"Ndisiyeni inu! Munadzola anu kale," ankayankha choncho, n'kundigenda ndi chitsononkho, tonse tili phwete.

Tinkakondana, anthuni. Ndikunena zimenezi kuti muzikumbukire pamene mukuwerenga zotsatirazi.

2

Munali mu Novembala, m'zaka zija makuponi a feteleza anali nkhani ya pakamwa pa aliyense. Amene analipo akudziwa mmene zinkakhalira. Ukangomva kuti lole ya feteleza yafika kudepoti, umasiya chilichonse, ngakhale ndowa ya madzi ili pamutu, chifukwa ukachedwa ukapeza matumba atatha, kuponi yako yasanduka pepala wamba. Tsiku limenelo a Wyson anali kudambo, akuthirira nazale ya fodya. Mayi wina anadutsa mumsewu akufuula kuti lole yafika. Ndinatsomphola kuponi, n'kuimangirira pansonga ya chitenje.

"Alamu, mundionereko Feliya!"

"Thamangani, ndilipo," anayankha a Feggie ali kuseri kwa nyumba, akusankha tomato wokagulitsa.

Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, tikukankhana ngati ng'ombe pakhomo la khola. Patsogolo panga panangotsala anthu anayi pamene bambo wina wa m'mudzi mwathu anafika pa njinga, thukuta lili kamukamu.

"Mayi a Feliya, siyani mzerewo. Mwana wamwa mankhwala a fodya. Athamangira naye kuchipatala kuboma."

Mmene ndinafikira kuchipatala sindikumbukira. Ndimangokumbukira kuti ndinawapeza a Feggie atakhala pansi pakhonde la wodi ya ana, opanda nsapato, bulauzi yonse itanyowa ndi thovu la m'kamwa mwa mwana. Anali atathamanga naye kumsana kuchokera kumudzi mpaka kumsewu waukulu. Mkatimo Feliya anali gone, mapaipi m'mphuno, kachifuwa kakukwera ndi kutsika movutikira. Adokotala anati akanangochedwa naye pang'ono, bwenzi tikunena zina.

A Wyson anatulukira atagwira botolo la juwisi. Pansi pake panali patatsala mankhwala pang'ono, aja ophera tizilombo panazale, amtundu ngati uchi. Mankhwala amenewo iwo ankawasunga pamwamba penipeni m'chigafa, m'chigubu chake chomwe anagulira, poti mwana sangafikepo ngakhale atakwera pampando.

"Ndani anathira mankhwala anga m'botolo ili?"

Anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Feggie, sabata yatha unandipempha mankhwalawa kuti ukapopere tomato. Ndinakukaniza. Ndinati amenewa ndi a fodya, si a ndiwo. Ndikunama?"

"Simukunama, achimwene."

"Ndiye unaona kuti kuli bwino ube, n'kusiya pansi pomwe pali mwana?"

A Feggie anadzutsa mutu n'kuyang'ana ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ine ndinaphimba nkhope ndi chitenje, ndikulira monga mayi aliyense akanalirira. Kenako iwo anaweramitsa mutu osanena kanthu, ndipo a Wyson anatenga kukhala chete kumeneko ngati kuvomera.

3

Feliya anakhala m'chipatala milungu itatu. Anatuluka wamoyo, koma sanali Feliya uja. Adokotala anatifotokozera kuti panali nthawi imene mpweya sunkafika bwino ku ubongo, choncho zambiri ayenera kuziphunziranso ngati khanda. Khosi linali lobodoka. Sankatha kukhala tsonga, sankatha kugwira supuni, ndipo pakamwa paja pankasowetsa anthu mtendere panali zii.

Titafika kumudzi ndinapeza kanyumba ka a Feggie katamangidwa ndi waya pachitseko. A Wyson anali atabwerako kale kudzawathamangitsa. Apongozi anga, mayi wobereka onse awiriwo, anayesa kupepesa, koma mwana wawo anawayankha kuti, "Amayi, sankhani: iyeyo kapena mdzukulu wanu." Alamu anga ananyamula kachikwama n'kupita kuboma, kukayamba kugulitsa masamba mumsika.

Ndiye mudzi mukuudziwa. Nkhani inachoka pakhomo pathu ili ya kusasamala, koma pofika kumjigo inali itamera nyanga. Akuti mkazi wofika zaka zimenezo wopanda mwana amakhala ndi nsanje. Akuti anachita dala. Ena mpaka anati ankafuna chizimba choti tomato aziyenda malonda. Anthu omwe ankatenga mpiru waulere kudimba kwawo ndi amene ankatsogolera nkhanizo.

Ine ndinadzipereka kwa mwana wanga ngati munthu wogwira chibalo. Kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumusambitsa, kumuwongola manja ndi miyendo katatu patsiku monga anatiphunzitsira a mafizo, aja owongola ziwalo kuchipatala. Phala ndinkamudonthezera ndi kasupuni ka tiyi, theka likubwerera pachibwano. Tsiku limene anamaliza mbale yonse, anthu anali kumunda akuwokera fodya. A Wyson atamva anabwera akuthamanga, matope mpaka m'mawondo, kudzaona mbale yopanda kanthuyo. Anainyamula kukaonetsa amayi awo ngati satifiketi.

Pa Khirisimasi anakhala tsonga yekha pamphasa, titamutchinjiriza ndi mitsamiro. Anakhala kamphindi, kenako anagwera kumbali akumwetulira. Apongozi analulutira mpaka nkhuku kubalalika. Atatha anayang'ana ku kanyumba komangidwa ndi waya kaja, n'kupukuta m'maso, n'kunena kuti kachitsotso kawagwera.

Lachinayi lililonse amayi a Mvano a kumpingo kwathu ankabwera ndi nkhuni, ufa ndi nyimbo. Potsanzika ankandigwira dzanja. "Mayi a Feliya, inu ndinu mayi weniweni. Ena bwenzi atatopa." Mawu amenewo ankandipweteka kuposa kutukwanidwa.

4

Chaka chitangoyamba, masana ena ndikuwongola miyendo ya mwana pakhonde, ndinamva odi. Anali a Benjamin, atavala malaya oyera a kusukulu, choko chili m'zala. Anakhala pampando, anafunsa za wodwala, anasisita Feliya pamutu. Kenako anatsokomola pang'ono.

"Mayi a Feliya, ndabwera kwa inu dala, bambo kulibe. Abale anga akundikakamiza kuti ndibweze mawu. Ine mtima ukukana. Inu mwakhala nawo a Feggie khomo limodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiuzeni ngati mlongo wanga: zimene anthu akunenazi, kuti anachita dala, angathe?"

Bambo uja ankangofuna liwu limodzi. Ndikanangoti "ayi", bwenzi atanyamuka pomwepo kupita kuboma. Koma ndinaona kuti "ayi" ameneyo abala funso lina, ndipo funso linalo libala linanso. Ndinapitiriza kusisita mwendo wa mwana.

"Aphunzitsi, mtima wa munthu ndani angaudziwe?"

Anayang'ana nsapato zawo. "Ndamva," anatero, n'kutsanzika. Patangotha sabata abale awo anabwera kwa amalume mwaulemu wonse, zipewa zili m'manja, kudzanena kuti za chinkhoswe zija zibayamba zaima kaye. Aliyense anadziwa kuti sizidzayendanso.

Panalinso china chimene chinkandisowetsa mtendere. Ndinali ndi basiketi yanga ya mlaza yopitira kumsika, imene inkakhala kuseri kwa chitseko. Feliya akaiona ankayamba kulira, dzanja likukankha m'mwamba. Tsiku lina a Wyson anazindikira.

"Mwanayu akulozanji kumeneko?"

"Akufuna mandasi," ndinayankha msanga. "Akukumbukira kuti ndinkamubweretsera mmenemo."

"Ndiye kuti nzeru zikubwerera!" anatero mosangalala, ndipo madzulo ake anabwera ndi mandasi odzaza jumbo.

M'mawa mwake, iwo atapita kumunda, ndinaiponya basiketiyo pamoto. Atandifunsa ndinati chiswe chinaidya.

5

Mwezi uliwonse ndinkapita naye Feliya kuboma ku mafizo, ndipo wakabaza ndinkamuuza kuti azungulire njira yakutali, tisadutse kumsika. Koma mu Febuluwale, tsiku limene a Wyson anatiperekeza, tinawapeza a Feggie ataima pachipata cha chipatala, atanyamula nthochi zakupsa m'manja. Anali ataonda, khosi litatalika. Feliya ali kumsana kwanga anayamba kudzikoka, manja atatambasula, akutulutsa timawu tosamveka.

"Achimwene, ndangobweretsako tinthochi ta mwana."

"Wathiramo chiyani ulendo uno?" anafunsa a Wyson.

Alamu anga anadzandira ngati awawomba mbama. Anatembenukira kwa ine, n'kundiyang'ana monga tsiku lija pakhonde la wodi.

"Alamu, mwana akupeza bwanji?"

"Akuyesera," ndinatero, maso ali pa nthochi.

"Ndi zokhazo zimene muli nazo zondiuza?"

"Tiyeni, mayi a Feliya, tichedwa," anatero a Wyson, ndipo ine ndinawatsatira. Feliya analira mpaka m'chipinda cha mafizo, mutu utatembenukira kumbuyo.

Ndinadziuza kuti ndidzakonza zinthu mwana akadzaimirira. Anaimirira mu Malichi, atagwira mzati wa chigafa pamene tinkasoka fodya, timiyendo tikunjenjemera ngati ta mwanawang'ombe wongobadwa. Ndinati ndidikire ayende. Anayenda mu Epulo, mapazi asanu, kuchoka pa belo la fodya kufika m'manja mwa bambo ake, amene analira pamaso pa anthu aganyu osachita manyazi. Ndinati ndidikire fodya agulitsidwe, mitima ikhale m'malo. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo zengerezuyo ndinali ine.

Mu Meyi tinamva kuti a Benjamin achita chinkhoswe ndi mtsikana wina wa m'kwaya. Apongozi anga tsiku limenelo sanatuluke m'nyumba.

Mwezi womwewo mawu anayamba kubwerera limodzilimodzi. Loyamba linali "madzi". Kenako "ababa", kenako "pusi". Liwu lililonse latsopano a Wyson ankalilengeza mudzi wonse, kufikira anthu odutsa mumsewu amene sanafunse n'komwe. Ine ndinkaomba nawo m'manja, ndipo ndinkasangalaladi, musandiyese chilombo. Koma chimwemwecho sichinkakhalitsa. Tangoganizani, mayi kumawerenga mawu a mwana wake ngati mkaidi amene akuwerenga masiku oti akaweruzidwe.

Tsiku lina ndikumusambitsa anati, "Zakhali." Ndinamuthira madzi kumutu kuti aiwale, ndipo liwu limenelo sindinauze munthu.

6

Fodya atagulitsidwa, a Wyson anati tichite mwambo wothokoza Mulungu pa tsiku limene Feliya ankakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Munali mu Julayi, kukuzizira. Anapha mbuzi, anaitana akulu a mpingo, amayi a Mvano ndi abale onse, kupatula mmodzi. Feliya tinamuveka diresi yachikasu ndi nsapato zatsopano zimene ankayenda nazo akukoka mwendo wakumanzere, ndipo anthu ankamuombera m'manja pa phazi lililonse.

Chichitikire ngozi ija, m'nyumba mwathu simunalowenso botolo la chakumwa chilichonse. Ine ndinaletsa, ndipo onse ankati n'zomveka. Koma pa phwando ungaletse ndani? Mapemphero atatha, mkulu wina wa mpingo, mwa chikondi chake, anatsegula botolo la juwisi n'kulipereka kwa mwana, amene anali pamiyendo pa bambo ake.

"Imwa, mwana wa chozizwitsa iwe."

Feliya anabweza mutu, n'kubisa nkhope pachifuwa pa a Wyson.

"Imwa, mwana wanga, ndi wotsekemera," anamunyengerera bambo ake.

"Ayi."

"Chifukwa chiyani?"

Anameza malovu, akulimbana ndi lilime lake. Anthu anatontholetsana kuti amve bwino. Mawu anatuluka mwapang'onopang'ono koma omveka, chiganizo chake choyamba chathunthu pa miyezi isanu ndi itatu.

"Ndi wowawa. Ngati uja wa m'basiketi ya amayi."

Amayi akumbuyo, amene sanamvetse bwino, anayamba kululutira kuti mwana wayankhula. Apongozi anga sanalulutire. A Wyson anamugwira mwanayo m'mapewa mofatsa.

"Basiketi iti, Feliya?"

"Ya mandasi. Amayi anabisa. Ine ndinaona."

Ndinali nditanyamula beseni la nyama kuti ndikagawire alendo. Ndinaliika pansi bwinobwino, n'kukhala pafumbi pomwepo.

7

Tsopano ndinene zimene ndinabisa.

M'zaka za makuponi tinazolowera kugawana. Thumba limodzi la feteleza tinkagawana mabanja awiri kapena atatu ndi ndowa, mbewu tinkagawana ndi mbale. Mankhwala nawonso ankayenda chomwecho: wina akagula chigubu, anzake ankabwera ndi timabotolo tomwe atola, ndipo palibe ankaona chachilendo. Mlongo wanga Kalekeni ku Chisemphere anali atanditumizira uthenga kuti nazale yake ikutha ndi tizilombo ndipo alibe pogwira. Iye ndi a Wyson sankamwerana madzi kuyambira kalekale, ndiye ndinadziwa kuti kupempha n'kutaya malovu. Munthu wokaniza mlongo wake weniweni akanapatsa mlamu wodana naye?

M'mawa wa tsiku lija, amuna anga atapita kudambo, ndinagubuduzira mtondo m'chigafa, n'kukwerapo, n'kutsitsa chigubu. Ndinathira m'botolo la juwisi, n'kuliika m'basiketi, n'kuphimba ndi kansalu kuti masana ndikapatse wakabaza wopita kwathu. Nditatembenuka ndinapeza Feliya ali pakhomo, akundiyang'ana.

"Amayi, n'chiyani chimenecho?"

"Si zako. Pita ukasewere."

Kumuuza choncho mwana amene chibadwire chake chilichonse chobisidwa m'basiketi imeneyo chinkakhala chake! Nthawi yomweyo kunamveka mfuu ya lole ya feteleza, ndipo ndinathamanga, basiketi ndikuisiya pansi kuseri kwa chitseko.

Alendo atabalalika, nyama yambiri itatsala m'miphika, ndinanena zonsezi pamaso pa a Wyson ndi amayi awo. Ndinanenanso za basiketi yootchedwa, ndi zimene ndinawayankha a Benjamin. Ndinkayembekezera mbama, kapena kuuzidwa kuti ndilongedze. A Wyson sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anangokhala pampando atagwira mutu.

"Ndinamufunsa mlongo wanga kuti wathira chiyani mu nthochi," anatero. "Inu muli pomwepo. Munamva ndi makutu anu. Ndipo munanditsatira."

"Ndinkaopa kuti mundithamangitsa, bambo a Feliya."

"Ndiye munaona kuti kuli bwino athamangitsidwe iyeyo."

Apongozi anga sanandiyang'ane n'komwe. Anadzuka movutikira, atagwira khoma. "Mawa mupite kuboma nonse awiri," anatero. "Mukanditengere mwana wanga."

8

A Feggie tinawapeza mumsika atakhala kuseri kwa milu ya tomato, akuwaza madzi pa mpiru. A Wyson, munthu amene sindinamuonepo akugwadira aliyense, anagwada pafumbi pakati pa njira. Anzawo a Feggie ogulitsa nawo anasiya kuitanira malonda.

"Feggie, mlongo wanga, ndinakulakwira. Mwana wayankhula."

"Wayankhula?" Nkhope ya a Feggie inawala, botolo lowazira madzi n'kugwa. "Feliya wayankhula? Akumveka bwinobwino? Amanditchula?"

Amenewo ndiwo anali mafunso awo oyamba, anthuni. Nane ndinagwada.

"Alamu, ndine. Mankhwala aja ndinathira m'botolo ndine."

"Ndikudziwa," anayankha mofatsa. "Botolo ndinalipeza m'manja mwa mwana, basiketi yanu itagwa pambali pake, kansalu kanu kali pansi. Ndinaibwezera ndekha kuseri kwa chitseko ndisanamubereke."

"Nanga bwanji sunanene?" anafunsa a Wyson.

"Ndikananena, achimwene, mukanatani? Ndimakudziwani. Mukanawathamangitsa tsiku lomwelo. Mwana akanapita ndi mayi ake ku Chisemphere, kutali ndi chipatala, apo ayi akanatsala kwanu wopanda mayi womutembenuza. Ndinati ndisenze kaye ine milungu ingapo, mwana atuluke, mtima wanu uzizire, kenako alamu adzanena okha."

Anatembenukira kwa ine. Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

"Ndinakudikirani, alamu. Mutatuluka m'chipatala ndinadikira. Pa Khirisimasi ndinadikira. Tsiku lija pachipata, nthochi zinali pothawira chabe, ndinabwera kudzakupatsani mpata. Tsiku la chinkhoswe cha a Benjamin ndinakhala pompano mpaka msika kutsekedwa, ndikuti mwina lero atulukira. Lero mwabwera chifukwa kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kolimbana ndi lilime, kachita zimene inu munalephera."



"Tiye kunyumba, Feggie. Amayi akukufuna," anachonderera a Wyson.

"Amayi abwere adzandione kuno, ndipo Feliya muzibwera naye. Koma kumudzi kuja, kumene ananditcha mfiti, ndikatungenso madzi pa mjigo womwe uja? Ayi, achimwene. Dzukani, mukutchingira anthu njira."

9

Lamlungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi n'kuulula zonse. Anthu anagwira pakamwa. Ochepa anakapepesa kwa apongozi, ambiri anangosintha nkhani ngati sananenepo kanthu. Dzina la a Feggie linayera, koma linayera mochedwa. A Benjamin anali kale pabanja, ndipo ndinamva kuti atauzidwa anatuluka m'kalasi n'kukaima kuseri kwa ofesi nthawi yaitali.

A Wyson sanandisiye. Tikukhalabe limodzi, timalima, tinabereka mwana wina. Koma mankhwala tsopano amakhala m'bokosi la loko, ndipo kiyi amayenda naye m'thumba. Feliya ali sitandade sikisi, amatsimphina pang'ono, amakhoza masamu, ndipo tchuthi chilichonse amakakhala kwa azakhali ake kuboma. A Feggie sanakwatiwe.

Awerengi anzanga, za mankhwala othira m'botolo la chakumwa mwamva nokha, sindikulalikirani. Imeneyo inali ngozi, ndipo mwana wanga, amene ndinamufotokozera atakula, anandikhululukira ndisanamalize n'kulankhula komwe. Chimene sichinali ngozi ndi kukhala chete kwanga. Kuthira mankhwala kunanditengera mphindi imodzi, koma chete uja ndinkamusankha m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu ndi itatu, ndikudziwa bwino lomwe amene akupsa m'malo mwanga. Ngati alipo munthu amene wasenza mlandu wanu lero, ndipo inu mukuti mudzanena zinthu zikadzakhala bwino, dziwani kuti moyo wake sukuima kudikira inu.

Ndimapitabe kumsika kuja mwezi uliwonse. Ndimadutsa mabenchi onse mpaka ndikafike pa benchi yawo. Amandipatsa moni mwaulemu, amafunsa za kumudzi, amandisankhira tomato wabwino. Sanandinenepo liwu loipa ngakhale limodzi. Pomaliza amandiikira basera, monga amachitira ndi wogula wina aliyense, n'kutembenukira kwa wotsatira.